Kalata ya khoti ndinaisunga yomata

Aphungu,

Ndine munthu wamkulu, sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndiye musandiyankhe ndi mawu ataliatali. Ndagwira umesenjala zaka makumi atatu, kukwera ndi kutsika masitepe a m'maofesi nditanyamula makalata a eni. Mawondo anathera komweko. Pano ndimayendera ndodo ziwiri, kuchoka pampando kukafika pakhomo ndi ulendo.

Ndinapempha chithandizo cha anthu olumala, anandikaniza, ati mphamvu ndikadali nazo. Ndinachita apilo kukhoti. Patapita masabata angapo kunabwera envelopu ya khaki, chidindo cha khoti chili pamwamba. Mayi akunyumba anati titsegule. Ndinawaletsa. Ife amesenjala tili ndi lamulo lathu: kalata yachidindo sutsegula, umakaipereka kwa mwini chidindo ili yomata. Ndinawauza kuti imeneyi ndidzaipereka m'manja mwa woweruza tsiku lomwe adzandiitane. Iwo anafunsa kuti nanga dzina lili pamwambapo ndi la ndani. Ine ndinati mayi, za m'maofesi tisiyireni ife. Ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuiika m'sutikesi pansi pa malaya.

Ndinadikira miyezi inayi osaitanidwa. Nditatopa ndinavala jekete n'kupita ndekha kukhotiko. Kalaliki wa pawindo anang'amba envelopuyo ine ndikuona, mtima unandiwawa. M'katimo analemba kuti ndili ndi masiku makumi atatu okapereka zikalata za dokotala, ndipo tsiku la mlandu linalinso momwemo. Zonse zinali zitadutsa, apilo anaitaya kalekale. Kalalikiyo anati, "Madala, chiyambireni ntchito ino sindinaonepo kalata yosamalidwa bwino chonchi."

Pano kunyumba kulibe mtendere. Ngakhale paketi ya mchere, mayi amabwera nayo n'kundifunsa ngati atsegule kapena tidikire woweruza. Mlamu wanga akuti ndikaname kuti kalatayo inafika mochedwa, mlandu ugwere a positi. Chithandizochi ndikuchifuna, ntchito sindingagwirenso, ndatopa. Ndikaname? Nanga mayiwa ndiwatani?

Mesenjala wopuma, kuseri kwa msika

Bambo mesenjala,

Mwapempha mawu aafupi, nawa: mayi ankanena zoona. Kalatayo inafika kwa mwini wake, mwini wakeyo n'kuitsekera m'sutikesi.

Nzeru za alamu anu zisiyeni. Kalaliki uja sangakuiwaleni, mwina mpaka lero nkhani yanu ndi imene amaseketsa nayo anzake pa nkhomaliro. Komanso inu, mwa anthu onse, mungapachike mnzanu wonyamula makalata pa cholakwa chanu? Kunena zoona kukuchititsani manyazi tsiku limodzi, pomwe bodza litseka ndi khomo lomwe latsala.

Mawa m'mamawa bwererani kukhoti mukatenge pepala la chigamulo. Mukafunse ngati pali njira yopempha kuti apilo imvedwebe ngakhale nthawi inadutsa, ndipo mwatsala ndi masiku angati. Tsikulo akulembereni ndi zilembo zikuluzikulu, mukalimate pachitseko. Mufunsenso komwe kuli maloya othandiza anthu ovutika mwaulere, kuti akulembereni chifukwa chanu monga momwe mwandifotokozera inemu, osakometsera. Zikalata za dokotala mukatengeretu sabata yomwe ino, osadikira kuti wina akuitaneni. Zikakanika kukhoti, kafunseni ku ofesi ya chithandizo ngati mungapemphe mwatsopano.

Mayiwo apepeseni, ndipo ulendowu mupite nawo, azikawerenga chilichonse chomwe akupatseni musanatuluke pakhomo. Nthabwala ya mchereyo ipirireni, mwaigwirira ntchito.

Koma ndisakunamizeni, khoti likhoza kukana. Likakumverani chisoni, likupatsani tsiku limodzi lokha. Mukaliphonya limenelo, ngakhale mukafike chokwawa pamaso pa woweruza, mawondo anu palibe adzawafunsenso.

Aphungu