Obby Pagolo

Sondo, 27 Okutobala 2024
Atichinyanso, zitatu kwa zilo. Pabwalo pathu penipeni! Timu yathu ya Njati chaka chino ni njati za dzina chabe. Ine Amon, kochi wawo, ndabwela kunyumba mozemba, njila ya kudambo. Mkazi wanga Faides sanafunse n'komwe, wangoti, "Ndamva kale, ana anali kuimba."

Chichokeleni golokipa wathu Nason kupita ku mafamu a fodya mu Julayi, pagolo ndinaikapo Obby poti ndiye wamtali. Obby yemweyo amene chaka chatha anali kutimwetsela zigoli. Ndinamuuza kuti n'zongoyembekezela. Taonani, sizoni ikutha.

Lachitatu, 30 Okutobala
Ku pulakatisi abwela osakwana ndi timu yomwe. Ena ati akuthilila nazale za fodya. Obby wanditengela pambali: "A kochi, ndibwezeni kutsogolo. Anthu akunditcha sefa." Ine ndi mkwiyo wanga ndamuyankha kuti nanga pagolo ndiikepo ndani, amai ako? Pakamwa pangapa! Mwana wangothokoza kuti yewo, n'kutenga njinga yake.

Lachisanu, 1 Novembala
Adada Amock, atate ake a Obby, andiimika panjila. Bwalo timasewelapoli ni tsala lawo. Anatibweleka kuti mwana wawo wotsiliza asathawile ku tauni ngati akulu ake. Lelo andikumbutsa: "Amon, mwana wane akakhala pakhomo, bwalo ni lanu. Akachoka, ine ndilimapo chimanga. Udzu sindidya." Anali kuseka, koma sizinali nthabwala.

Loweluka, 9 Novembala
Mawa gemu yotsiliza, ndi a ku Chikomeni. Tikaluza tatsika mu ligi. Faides akuti muikeni Obby kutsogolo, ngati n'kuluza muluze mwana akusangalala. Ndamuuza kuti za mpila azisiye.

Sondo, 10 Novembala
Zinayi kwa chimodzi. Tatsika.

Chigoli chachitatu chinamudutsa Obby pakati pa miyendo. Azimai a ku Chikomeni anayambitsa nyimbo yoti Njati zabweletsa sefa, ndipo athu omwe anali kuvomeleza, opanda ndi manyazi omwe. Apo m'pamene ndinavula jekete n'kulowa pagolo ndekha, ndi mimba yangayi, Obby n'kumutuma kutsogolo. Mpila woyamba kuukhudza, phaa, m'golo! Anyamata anamuthamangila koma iye sanasangalale. Anangotembenuka n'kundiyang'ana ine.

Maso amenewo andipweteka kuposa zigoli zonse za sizoni ino. Bwenzi nditachita zimenezi mu Julayi.

Lachinayi, 14 Novembala
Obby wapita. Robson wa kagolosale wamuona ku boma akukwela minibasi ya ku Chipata, nsapato za mpila zili m'khosi. Ine sananditsanzike. Sindimuimba mlandu.

Lolemba, 18 Novembala
Mvula yagwa yokwanila kulima. Adada Amock atuma mawu kuti tsala lija lilimidwe mawa. Ng'ombe zawo zinafa ndi matenda a nkhupakupa, ndiye kuno kwathu wa ng'ombe ndi pulawo ndatsala ndine. Eee, ine ndemwe.

Faides sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena.

Lachiwili, 19 Novembala
Kulima ndayambila ku golo la kumadzulo. Nthaka gwa, yopondedwa zaka zonsezi, ng'ombe mpaka thovu kukamwa. Adada Amock anakhala pachulu paja amakhala tsiku la gemu, ndodo pamiyendo.

Dzuwa litakwela ndafika pa golo la kum'mawa. Pakati pa mitengo iwili ija pali kadzenje kokumbika ndi mapazi a golokipa, madzi atadikhamo. Ndaima pamenepo kanthawi. Kenako ndatenga khasu kuti ndizule mitengoyo, ikagwile ntchito ku chigafa cha fodya.

"Leka!" akuwa adada ali pachulu. "Iyo usazule. Zungulila."

Ndawafunsa ngati Obby waimba foni. Apukusa mutu.

Ndazungulila. Mizele yonse ya kumeneko yakhota, ndipo adada, amene sagona ngati mzele wawo wapindika, aisiya yokhota choncho.