Kalata ya pa Mulu wa Lachisanu

Lolemba, 3 Malichi

Masana Chete wandionetsa pepala lopinda kanayi ngati kalata ya chibwenzi. Si chibwenzi. Bungwe lina likufuna atsikana oti liwalipirire zaka zinayi kuyunivesite, sayansi ya makompyuta. Fizi, chogona, laputopu. Atsikana okhaokha. Amuna akhaleko pabenchi, alawe mmene zimakomera.

Mwana wa malemu achemwali ameneyu ndinamubweretsa pakampani pano ndine, kuti aziphika tiyi ndi kusanja mafayilo. Iye n'kuyamba kuseweretsa kompyuta yakale ya kuseri kwa kabati. Lero pulogalamu imene imanena kuti lole iti ipite kuti, dalaivala uti apume, oyilo asinthidwe liti, analemba ndi iyeyo. Pa pepala la ntchito adakali "wothandiza mu ofesi."

Abungwewo akufuna kalata ya bwana yochitira umboni ntchito yake. Tsiku lomaliza pa 14. Apa ndiye pagona nkhani.

Lachitatu, 5 Malichi

Abwana athu a Makiyi. Makiyi khumi ndi anayi pa lamba, zitseko zilipo zinayi. Alendo akabwera amasisita kompyuta ija n'kumati "sisitimu yanga." Poyatsira sakupadziwa.

Chete wakawapempha m'mawa, manja kumbuyo. Yankho ndalimva kudzera pachitseko: "Sukulu yoposa pano ndi iti?" Kenako: "Mtsikana akaphunzira kwambiri amuna amamuopa." Achedwa. Madalaivala anayamba kale kumuopa, kuyambira pamene pulogalamu inaulula malole okhotera kwa akazi aang'ono.

Avomera. Avomera msanga kwambiri, ndiye sindikukondwa.

Lachisanu, 7 Malichi

Andiitana ndi kope, andiuza zolemba. "Ndi mtsikana waulemu. Amafika msanga. Tiyi wake sadandaulitsa. Kompyuta amaikonda." Basi. Kalata yokwirira munthu ali moyo. Akudziwa kuti Chete akachoka, malole awo ayamba kuyenda ngati nkhuku.

Potuluka: "Osathira mchere, mayi Mlembi."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikutayipa makalata awo. Mchere sindinathirepo. Ndimangochotsa miyala.

Lamlungu, 9 Malichi

Kuchapa. Chete pa beseni, ine pa chingwe. Akuti, "Amayi aang'ono, musadzivutitse, ndidzayesa chaka chamawa." Pepalalo ndinaliwerenga kawiri. Chaka chamawa adzakhala atapyola zaka zimene akufuna. Iyenso akudziwa. Bodza la mwana waulemu.

Atawerama, msana wake wa achemwali ndendende. Ndinalowa m'nyumba, ati kukatenga sopo. Sopo anali m'manja.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndalemba kalata ina pa nthawi ya chakudya. Tsamba limodzi ndi theka. Bodza mulibe ngakhale limodzi, n'chifukwa chake ikuoneka yachilendo pa pepala la kampani. Ndalembamo za malole atatu amene sanafere panjira chifukwa cha iye. Za mmene anaphunzitsira madalaivala khumi kugwiritsa ntchito foni, kuphatikizapo a Ndevu amene ankalemba ndi chala chapakati lilime lili kunja. Abungwe akufuna "utsogoleri." Aliyense wokhoza kuuza a Ndevu kuti alakwitsa, iwo n'kuthokoza, akhoza kutsogolera dziko.

Zikadziwika, ntchito yatha. Pa msinkhu uwu ndani angalembe nkhalamba yotayipa? Bondo likuwawanso.

Lachisanu, 14 Malichi

Lachisanu masana a Makiyi amasayina mulu wa sabata yonse, foni ili pakhutu, ine n'kumangotukula ngodya ya pepala lililonse. Akhoza kusayina kuti agulitsidwe pamodzi ndi mpando. Kalata yanga ija ndinaiika pakati pa mapepala a mafuta ndi kalata yokalipira wogulitsa matayala. Anasayina akukangana ndi mlamu wawo za mbuzi. Chidindo kawiri, monga amakondera.

Chete atawerenga anakhala pansi. "Koma amayi aang'ono, abwana alemba zimenezi?" Ndinati dzanja ndi lawo, tumiza nthawi isanakwane.

Kalata ya tiyi ija ili m'chikwama changa. Mwina ndidzakulungira tomato.

Lachinayi, 10 Epulo

Ali pa mndandanda wa makumi awiri omaliza. Anakuwa mu ofesi! Koyamba kumva kuti mwanayu ali ndi mawu.

Mzere wa m'munsi wa yankho la abungwe, tilembo ting'onoting'ono: aimbira foni amene analemba kalata, kuti atsimikize.

Zimenezo pepala loyamba lija silinanene.

Lolemba, 14 Epulo

Aimba cha m'ma teni. A Makiyi amakonda kukweza foni kuti tonse timve kuti amaimbiridwa, ndiye ndinamva zonse nditaima ndi fayilo. Mawu a mayi, odekha. "Mwalemba kuti pulogalamu yonseyi anaipanga yekha, inu simunaikepo dzanja. Mabwana ambiri sanena zoona chonchi."

Makiyi a pa lamba aja anasiya kulira. Maso pa ine. Ine maso pa kalendala, ngati sindinaonepo mwezi wa Epulo.

Mayi uja anapitiriza kuti amuna opereka mpata kwa atsikana ndi ochepa, ndipo akufuna kudzawatchula pa mwambo. Ndinaona munthu akufufuma ngati buledi. "Ee, mwanayo ndinamutulukira ndine," anatero. Mphindi khumi akuyamikira Chete ndi mawu anga, ena n'kuwonjezera awo.

Foni inatsekedwa. Kenako: "Mayi Mlembi, mundipatse kalata ija ndione zimene ndinalemba." Anaiwerenga yonse, milomo ikuyenda. Sanandichotse. Anachita choposa: "Akapita, makinawo ndi anu. Lole imodzi ikasochera, mudzaitsatira wapansi."

Lachisanu, 30 Meyi

Wapambana.

A Makiyi agula suti. A Ndevu akuti tsopano azikhota mwamtendere. Ine ndinakalira kuseri kwa kabati, fumbi ndi lambiri kumeneko.

Masana aliwonse tsopano sukulu. Mphunzitsi ndi mwana amene ndinamusintha matewera. "Ayi amayi aang'ono, yambiraninso." Alibe chisoni ngakhale pang'ono. Akundilembera zonse m'kope lachikuto chofiira, zilembo zazikulu, ngati za agogo. Ndakwiya, koma zikuwerengeka bwino.

Lolemba, 1 Seputembala

Ananyamuka Loweruka. Sutikesi imodzi, nsapato zatsopano zomuluma. Kunyumba makapu awiri pa tebulo, chizolowezi.

Lero hafu pasiti seveni kompyuta yatulutsa mawu ofiira. Madalaivala asanu pawindo, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti ndiimenye pambali. A Makiyi akumveka kale m'khonde, ngwee ngwee ngwee. Nambala ya Chete ndili nayo, koma nthawi ino ali m'kalasi yake yoyamba, ndipo sindimutulutsamo chifukwa cha lole ya simenti.

Kope lofiira, tsamba 12: "Musathamangire kuzimitsa. Werengani kaye zimene yanena."

Magalasi pamphuno. Ikuti vuto lili pa mzere 40, ndipo ndikuona ngati ndalipeza.