Mfuti Zisiyidwe Pakhomo

Loweruka, 4 Malichi 2006, Amran

Mfuti yalira m'lesitilanti mwanga. Nthawi ya nkhomaliro, anthu odzaza mpaka pakhomo. Wina wa kumapiri anaitsamiritsa kukhoma, mnzake potambasula mwendo n'kuigunda. Phuu! Chipolopolo ulendo wa kudenga, kuboola thabwa, kukatulukira m'chipinda cha a Haji Murshid, eni nyumba, amene amagona pamwamba pathu. Akuti chadutsa pafupi ndi phazi la mayi akunyumba kwawo ali pakati posita.

Wovulala palibe. Mwini mfuti anangoti, "Mulungu ndi wachifundo," n'kuitanitsa buledi wina.

A Haji anatsika osavala nsapato. Sanakalipe, ndipo n'zimene zandiopsa. Anati, "Shayif mwana wanga, bambo ako ndinkawakonda. Koma ikadzalira ina pakhomo pano, kaya m'kati kaya pabwalo, miphika yako udzaipeza mumsewu."

Pano bambo anaphikapo salta, nyama ya msuzi yowira mumphika wa mwala, mpaka maso anafa ndi utsi. Ine ndakulira kuseri kwa uvuni womwewu. Kwina kophikira sindikudziwa.

Lolemba, 6 Malichi

Nzeru za mkazi wanga Atika: misomali pakhoma la kukhomo, chikwangwani pamwamba. MFUTI ZISIYIDWE PAKHOMO. Penti yofiira. Ndadzimenya chala ndi hamala, chikhadabo chada bii.

Woyamba kuwerenga anafunsa, "Nanga mkanjowu tivulenso?" Wachiwiri: "Mwamuna wopanda mfuti adye ndi chiyani?" Ndinati ndi dzanja lamanja, monga agogo ake. Sanaseke. Anabwerera pakhomo pomwepo, anzake onse pambuyo.

Pofika madzulo pamisomali panali popachikidwa thumba limodzi la kati, masamba amene amuna amatafuna kuno, ndi nsapato ya munthu wachipongwe. Nyama yatsala yoposa theka.

Lachinayi, 9 Malichi

Ntchentche ndi ine basi.

Ghalib wa lesitilanti ya kutsidya kwa msewu wakhoma tizitsulo tokolowekapo mfuti patebulo lililonse. Naye walemba chikwangwani: KUNO MWAMUNA AMADYA ALI WATHUNTHU. Ghalib yemweyo amene salta wake amakoma ngati madzi otsukira mbale. Anthu mzere mpaka pa shopu ya matayala.

Ndimawayang'ana pawindo. Amuna a ndevu zawo, mpeni pamimba, mfuti paphewa, kuopa kuti mphika wa nyama uwaukira. Ndakwiya tsiku lonse, mpaka ndakalipira mphaka.

Atika: "Abambo ake a Samira, ndi bwino mipando yopanda anthu kusiyana ndi anthu opanda mitu." Iye sagula nyama kwa butchala.

Loweruka, 11 Malichi

Ndazindikira. Chowapweteka si kusiya mfuti, ndi msomali. Wandiuza mkulu wina: "Mfuti ya bambo anga ndiipachike ngati chipewa?"

Misomali ndazula yonse. Tsopano ndimaima pakhomo ndekha. Munthu akafika, mfuti yake ndimailandira ndi manja awiri, kuipukuta ndi kansalu, kuitamanda pang'ono. Ya ku Russia yeniyeni iyi, amalume, osati zabodza za masiku ano. Kenako ndimakaigoneka pakapeti watsopano kuseri kwa matumba a ufa.

Zatheka! Mfuti pakapeti, mwini wake pamkeka wong'ambika, koma mtima uli m'malo. Salta watha kumzikiti asanaitane swala ya masana. Ghalib waima pakhomo pake manja m'chiuno. Ndamupatsa moni mokweza, kawiri.

Lachiwiri, 14 Malichi

Mulungu andikhululukire, ndadzitchera ndekha.

Kunabwera Hizam al-Ghuli, wamtali wa masharubu uja. Ndalandira mfuti, manja awiri. Ndisanaigoneke, walowa Mabkhut Sarhan, naye n'kundipatsa yake osayang'ana amene ali m'kati. Ine n'kulandira. Mfuti kumanja, mfuti kumanzere, ine pakati ndikumwetulira ngati chitsiru.

Ngakhale otafuna anasiya.

Awiriwa salankhulana. Minda yawo ya mphesa ndi yoyandikana, chitsime chimodzi, pampu imodzi imene makolo awo anagula pamodzi. Anakangana za dizilo. Hizam anakhoma loko pakanyumba ka pampu, Mabkhut n'kuwonjezerapo loko wake. Maloko awiri, madzi osatuluka. Mwezi wathawu anaomberana kumunda, inafa mbuzi ya munthu wina.

Ndiye waimirira nkhalamba Dirham, amene amabwera kudzamwa tiyi wa ngongole, n'kufuula: "Mboni tonse! Adal yaikidwa!"

Adal. Chikole cha mlandu. Adani awiri akaika mfuti m'manja mwa munthu mmodzi pamaso pa anthu, ndiye kuti amusankha kuwaweruza. Palibe wotenga yake, palibe wowombera, mpaka chigamulo. Ndikuzidziwa kuyambira ubwana. Kungoti pakhomo paja ndinkaganiza za buledi amene anali kupserera.

Ndinati, abale anga, ine ndimaphika, tengani katundu wanu. Hizam: "Atenge iyeyo kaye." Mabkhut: "Woyamba kutenga ndiye wokana mtendere. Ine ayi." Adya mofulatirana. Atuluka manja lendelende ngati ana asukulu.

Lachisanu, 17 Malichi

Kumzikiti anthu akundisunthira malo kutsogolo. "Shehe Shayif." Ine mwana wa wophika, kunditcha dzina la mafumu oweruza milandu. Anthu omwewa sangalole mwana wanga kukwatira ngakhale mwana wa mlongo wa wantchito wawo.

Abale a Hizam abweretsa mfuti zina zowonjezera chikole, kuti zioneke kuti mawu awo ndi olemera. A Mabkhut atamva, abweretsa zoposa pamenepo, ndi ina yakale ya m'nthawi ya Aturuki imene ndikukayika ngati inalirapo. Kapeti wadzaza. Ufa ndausamutsira kukhitchini.

Ndinalemba chikwangwani kuti m'nyumba muno mfuti zichepe. Lero muli zambiri kuposa kale lonse, pansi penipeni pa bedi la a Haji. Akumana nane pamasitepe: "Ndamva wakwezedwa udindo. Mawu anga sanasinthe."

Lolemba, 20 Malichi

Malonda sanayendepo chonchi. Anthu akuchoka kutali kudzaona wophika woweruza. Mbali ziwiri zija zimabwera tsiku ndi tsiku, kudya, kundinong'oneza. Wa Hizam wandisiyira uchi. Wa Mabkhut nkhosa yamoyo, ili kubafa.

Ndinali wokondwa mpaka Atika atatsegula pakamwa. "Ukaweruza n'kukwiya mmodzi, kulira mfuti. Akakondwa onse, kulira mfuti zambiri. Unaonapo chiyanjano kuno chopanda kuwombera m'mwamba?"

Sindinaonepo. Ukwati, mfuti. Mwana wamwamuna, mfuti. Timu yagoletsa, mfuti. Ndinafunsa Dirham ngati mtendere ungachitike mwakachetechete. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mtendere wosamveka kumidzi ina ndi mtendere wa ndani?"

Ndiye njira ndi imodzi. Osaweruza. Mfuti zigone, anthu adye, a Haji agone tulo. Ndawauza kuti nkhaniyi ndi yakuya, ikufunika kuisinkhasinkha. Onse agwedeza mitu mwaulemu.

Loweruka, 25 Malichi

Ndikusinkhasinkhabe. Ndagula mipando ina.

Lamlungu, 2 Epulo

Atika wabwera kuchokera kumaliro ndi kanthu kokulunga m'nsalu. Amupatsa mayi ake a Mabkhut. Nthambi ya mpesa. Youma gwa, timasamba tofota tisanatambasuke n'komwe. Uthenga palibe. Ndinafunsa kuti ananena chiyani. Akuti anangofunsa ngati malonda akuyenda bwino kwa a Shehe.

Maloko akadali pomwepo. Sangachotsedwe chigamulo chisanaperekedwe, ndipo mvula sikubwera. Minda yonse iwiri. Mipesa ina anabzala ndi agogo awo.

Manyazi andigwira. Chakudya chandikanika. Ndayang'ana uvuni nthawi yaitali, ming'alu yake yonse ndimaidziwa ngati mizere ya m'manja mwanga. Sindikufuna kuchoka pano. Sindikufuna!

Ndatuma uthenga wa tsiku la chigamulo. Lachitatu.

Lachiwiri, 4 Epulo

Tsiku lonse pakapeti paja, kuchotsa zipolopolo m'mfuti iliyonse. Zadzaza chidebe cha mafuta ophikira. Ndachikwirira mu mpunga. Akafuna kusangalala mawa, azikoka zitsulo zopanda kanthu mpaka atatopa. Ndadzitama pang'ono. Atika wangoti, "Mm."

Lachitatu, 5 Epulo

Anthu mpaka mumsewu, magalimoto mpaka kwa Ghalib. Ndinavala jekete la bambo.

Nzeru za mashehe ndilibe. Ndinanena zimene ndimachita ana anga akamalimbirana nyama: wina adule, wina asankhe. Hizam agawe masiku othirira ndi dizilo yemwe pawiri, Mabkhut atenge gawo limene akufuna. Maloko onse achoke dzuwa lisanalowe. Mwini mbuzi ija amugulire ina, onse awiri.

Kenako Dirham: "Mawu ngati awa sanamvekepo chimwalirire mashehe akale!" Bodza, koma linathandiza. Hizam anapsompsona Mabkhut pamphumi. Mabkhut analira, munthu wamkulu ngati uja. Inenso misozi.

Ndabweza mfuti, iliyonse kwa mwini wake, manja awiri. Atuluka pabwalo. Aloza kumwamba. Khe, khe, khe. Palibe yolira. Ndinatsala pang'ono kuvina.

Ndiye Hizam anaseka, n'kundisisita paphewa. "A Shehe ndinu osamala. Musadandaule, sitingakuchititseni manyazi." Apisa manja m'majekete. Ena athamangira kumagalimoto. Munthu aliyense anali ndi ina! Ine kupusa kwanga, ndinkayesa amene wapereka mfuti watsala wopanda.

Zinalira mpaka nkhunda zonse za m'tauni zinathawa. Ndinafuula, ndinagwada, anayesa ndikuthokoza Mulungu, n'kuwonjezera. Thanki ya madzi ya a Haji padenga yabooka pawiri. Madzi kutsika pamasitepe ngati mtsinje.

A Haji sanatsike n'komwe. Anangotsegula windo. "Loweruka ukhale utachoka."

Loweruka, 8 Epulo

Miphika ya mwala ndanyamula ndekha, sindinalole wina kuigwira. Uvuni sunyamulika, unamangidwira pansi. Ndinauyatsa komaliza m'mawa, buledi mmodzi, ndadya choimirira.

Hizam ndi Mabkhut abwera pagalimoto imodzi, ndi nkhani yoti madzi afika m'minda yonse ndipo mipesa yambiri ipulumuka. Ndakondwa, zoona ndakondwa. Atamva za a Haji, nkhope zinasintha. "Tikwere tikalankhule nawo, ife awiri." Manja ali kale pamalamba. Ndawagwira mikanjo, kuwapempha m'dzina la ana awo. Achoka odabwa kuti munthu angakane thandizo.

Ghalib wabwera kudzafunsa ngati mipando yatsopano ija ndikugulitsa. Wanditchula Shehe. Sanali kunyoza, n'zimene zandiwawa.

Lachiwiri, 11 Epulo

Malo ena ndafunsa, atatu. Kulikonse yankho limodzi: munthu wolemekezeka ngati inu simungaimenso pamoto. Wina mpaka anandipsompsona dzanja pondikaniza.

Miphika ili pansi pa bedi. Ndadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, manja kufuna ufa, ufa palibe woukanda. Ndakhala pakhonde mpaka dzuwa kutentha.

Tsopano kwabwera anthu awiri pachipata. Sindikuwadziwa, zovala ndi za kumpoto. Aima motalikirana, osayang'anana. Aliyense wanyamula mfuti yake chopingasa, pamanja awiri. Kumbuyo kwawo mayi wina wakhala pamwala ndi mwana wodwala maso, sindikudziwa kuti ndi wa mbali iti.

Atika akuti ndikatsegula, zophika ndiiwale mpaka kumanda. Akunena zoona.

Akugogodabe. Ayenda ulendo wautali, akuoneka. Mwina ndingowafunsa ngati adya, basi, kungofunsa ngati adya. Ndikukatsegula.