Kanyongolotsi ka M'diso Lamanja

Lolemba, 3 Juni
Ndayeza magazi a anthu 41. Pa kagalasi kachisanu ndi chiwiri, kanyongolotsi kotuwa, kopindika. Kotsatira, komweko. Odwala asanu motsatizana, matenda amodzi? Ndapukuta makina oonera tizilombo kawiri, kenako ndaitana abwana a labu. Asuzumira: "Palibe kanthu apa, mayi. Mwadya koma?"

Lachiwiri, 4 Juni
Kali m'diso langa lamanja. Ndikayang'ana khoma loyera kamayandama, ndikakatsata kamathawa. Zaka 19 ndikusaka tizilombo m'magazi a eni, lero ndathamangitsana ndi kanga komwe. Manyazi.

Lachisanu, 7 Juni
Ndafunsa nesi wa ku maso nthawi ya tiyi. Akuti zamadzimadzi za mkati mwa diso zimafota tikamakula, timaulusi take n'kumachita mthunzi. Makamaka ife osaona patali. "Kamodzi, tiwiri, si nkhani. Koma tikachuluka mwadzidzidzi, kapena kung'anima ngati mphezi, kapena chinsalu chakuda chikayamba kuphimba, bwerani tsiku lomwelo. Mukachedwa diso limapita."
Ndati ndikufunsira achemwali anga. Bodza.
Amayi ankaingitsa ntchentche zomwe ife sitinkaziona, tikuwaseka. Diso lawo limodzi linafa.

Lachitatu, 12 Juni
Kung'anima kawiri m'mawa, kunja kuli ngwee. Timadontho tambirimbiri ngati mwaye. Bambo a ana sindinawauze. Abwana akadziwa andichotsa pa makina, nanga ntchito ina ndikuidziwa? Ndikuyeza ndi lamanzere, lamanja chotsinzina. Ndikuopa zedi.

Lachinayi, 13 Juni
Abwana abwereza kuyeza tigalasi tanga ta m'mawa. Pa kamodzi ndinalemba kuti mulibe malungo. Chonsecho tizilombo tinadzaza. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Awapeza pageti akubwerera kwawo, mayi ake atamubereka kale kumbuyo. Abwana sanandikalipire, angondiyang'ana. Bola akanakalipa.
Madzulo chinsalu chija chayamba, chakumunsi, pafupi ndi mphuno.

Lachisanu, 14 Juni
Pa benchi ya ku maso. Kuchoka ku labu kufika pano ndi zitseko zitatu zokha. Zanditengera masiku khumi ndi limodzi.
Nesi uja wangoti, "Achemwali anu aja afika?" Sanaseke. Wandithira mankhwala m'maso, wathamangira dokotala, n'kundiletsa kudya chilichonse.
Ndatseka lamanzere kuti ndione chatsala. Theka la tsambali kulibe. Mzere womwe ndikulembawu ndikuuona mpaka pa