Juzi Yopanda Mabatani

Lolemba, 2 Juni

Amayi akuti sapita. Atero m'mawa uno ndikuwapesa tsitsi, poti mikono yawo sikweranso kupitirira mapewa chiyambire nyamakazi. Anena ndi timawu tonong'ona tija adabwera nato kuchipatala. Akuti kumwambo wa digiriko anthu sakaona mwana wawo, akaona khosi lawo.

Chithokomiro adachotsa, zoona. Koma chipsera chadutsa m'munsi mwa khosi lonse, chofiira, chotukuka ngati nyongolotsi. Chitulukire m'chipatala adapita kutchalitchi kamodzi kokha, atakulunga kampango. Azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo, adakoka kampangoko pakhomo anthu onse akuona, eti aone ngati pakupola. Kuyambira tsiku limenelo amayi sadutsa geti.

Adona, mng'ono wanga wanzeru zonse, walira pafoni mpaka khutu langa kutentha. "Asisi, chitanipo kanthu." Inde. Wochitapo kanthu m'nyumba muno ndi asisi. Bambo atagwa sitiroko, adasiya yunivesite chaka chachitatu kudzawatembenuza pabedi ndani? Asisi. Adona anali mwana, anali ndi tsogolo. Langa lidatsala kuhositelo pamodzi ndi ketulo yanga.

Mwambo wa Adona uli pa 21. Ndiwalukira juzi ya khosi lalitali, yomwe munthu sangakoke. Apite, akaombe m'manja. Ine pageti la sukulu ija sindipondanso, ngakhale andinyamule.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndagula ulusi wobiriwira wakuderako ndi singano zija ziwiri zolumikizana ndi kachingwe ka pulasitiki, zolukira mozungulira. Ukalukira zimenezi juzi imatuluka yathunthu ngati thumba, popanda msoko ngakhale umodzi. Msoko umakanda. Khungu la amayi masiku ano likudana ngakhale ndi kansalu ka saizi ka kukolala.

Lachitatu, 4 Juni

Munthu woti adakhozapo masamu a chaka chachiwiri, kulephera kulumikiza mkombero.

Polumikiza mzere woyamba ndinaupotoza osadziwa. Ndaluka m'chiuno motalika ngati chikhatho changa, ndikudzimva, kenako poyala patebulo chinthucho chikukana kugona. Ukawongola uku chikupindika uko. Palibe kuchitira mwina, ndamasula zonse mpaka pachiyambi.

Amayi anali pampando wawo, maso pa ine. Bola akanalalata.

Lachisanu, 6 Juni

Kushopu kwadzaza. Nyengo ino aliyense akufuna kusindikiza, kumanga buku, kujambulitsa mapepala, ndipo aliyense akufuna zake zithe dzulo. Ndimalukira pansi pa kauntala makina akamatulutsa mapepala. Bwana wandipeza, akuti shopu yake si kalabu ya amayi oluka. Ndawakumbutsa kuti makina awo okalambawo akameza pepala, ndimatokosera singano yomweyi. Apita kukawerenga inki.

Mtsikana wina wabweretsa buku lake lomaliza kuti ndimumangire. Tsamba loyamba zolakwika mbwee. Ndakonza osamuuza, monga mwa nthawi zonse. Iye akavala mkanjo pa 21.

La Adona ndidalitaipa ndine, lonse. Patsamba lothokoza adalemba Mulungu, amayi, aphunzitsi, chibwenzi chake chamutu ngati chibonga chija, kenako "ndi ena onse". Ena onse ndine. Mawu amenewo ndidawataipa ndi zala zanga, ndikuikaponso kampumiro komwe adaiwala.

Lamlungu, 8 Juni

Thupi la juzi lapitirira pamchombo. Kuluka kozungulira sutembenuza, umangopita kutsogolo, kutsogolo, n'kupezeka pomwe unayambira. Ndamangapo kaulusi kofiira kuti ndizidziwa kuti ndazunguliranso. Sindinena zomwe zikundikumbutsa.

Amayi anaigwira n'kufunsa kuti mabatani akhala pati. Ndawauza kuti palibe batani, palibe zipi, palibe potsegula paliponse. Mabatani amayasamula, chipsera n'kusuzumira. Iyi n'njolowetsa kumutu basi. Ndinanena monyada, ngati ndatulukira magetsi.

Anayang'ana juzi, anayang'ana mapewa awo, kenako ine.

"Chabwino," anatero. Kenako anapempha tiyi.

Lachiwiri, 10 Juni

Mkono umodzi watha. Chala changa chatupa. Palibe wafunsa.

Lachinayi, 12 Juni

Adona wabwera ndi mkanjo wake uli m'pulasitiki, n'kuupachika pachitseko cha chipinda changa. Nyumba yonseyi misomali ilipo, koma wasankha chitseko changa.

Wabweretsanso makhadi awiri olowera muholo. Akuti iye akakhala kutsogolo ndi anzake kuyambira m'mawa, sakatha kukhala ndi amayi, ndiye imodzi ya amayi, inayo yanga. Ndamuuza apatse azakhali.

"Asisi, popanda inu ine..."

"Ine ndine ena onse. Ena onse sapatsidwa khadi."

Anangoti kukamwa yasa, kenako misozi. Mwana ameneyu misozi yake ili pafupi ngati mpopi wa m'khitchini. Amayi atamasula kansalu kuti ndiwadzoze mafuta pachipsera, Adona anakumbukira mwadzidzidzi kuti m'nyumba muno netiweki imavuta, n'kutuluka panja. Digiri ya zaumoyo wa anthu, koma khosi la mayi ake sangaliyang'ane.

Pochoka wafunsa kuti bwanji sindinangogula juzi m'sitolo. Akuti ine ndimakonda kuzunzika. Atapita ndaluka mkono wachiwiri pafupifupi wonse, singano zikugundana ngati mano a munthu wamalungo.

Loweruka, 14 Juni

Ndaphatikiza mikono ndi thupi pakhwapa, zonse pasingano imodzi. Chinthu cholemera pamiyendo ngati mwana wogona. Tsopano n'kumachepetsa masitichi pang'onopang'ono kukwera kumapewa.

Azakhali abwera kudzatenga khadi yawo. Akuti tisadandaule, mlamu wawo akamusamala ngati dzira. Atsina juzi ndi zala zawo zamafuta, akuti mtundu wake wakhala ngati wa tenti. Kenako akufuna kulowa kuchipinda akaone "pomwe adacheka paja", popeza mnzawo wina wa kukwaya akufunsa ngati n'zoona kuti pakuoneka kholingo. Amayi anali atadzitsekera, eti agona. Munthu wogona satsokomola mwaulemu chomwecho.

Ndawauza azakhali kuti pa 21 manja awo akakhale m'chikwama mwawo, ndipo chikwamacho akachitseke. Akuti n'chifukwa chake sindikwatiwa. Ndati n'chifukwa chake amuna awo adagontha dala.

Mapewa ndawaluka tsiku lomwelo.

Lachiwiri, 17 Juni

Bwana akufuna ndidzagwire ntchito Loweruka, poti anthu akatuluka muholo amathamangira kwa ife kudzajambulitsa masatifiketi. Ndavomera asanamalize kufunsa. Adabwa mpaka kundiyang'ana kawiri.

Masana kwalowa mwamuna wa tayi kudzasindikiza mapulogalamu a mwambowo. Nditakweza mutu, ndi uja tinkakhala naye benchi imodzi kuyunivesite, wokopera ntchito zanga mpaka ndi dzina langa lomwe tsiku lina. Pano akuphunzitsa komweko. Wandiyang'ana, wayang'ana kauntala, wayang'ana ulusi pamiyendo panga.

"Aa, ndiwe? Uli kuno?"

Ndati ayi, ndili ku Mwezi, apa mwangoona chithunzi. Waseka, akuti sindidasinthe. Akuti ndinali ndi mutu, zachisoni. Pochoka anandisisita paphewa.

Ndafika kunyumba osavula nsapato, ndaluka khosi lonse, ndatseka, ndadula ulusi ndi mano. Yatha. Aliyense andisiye.

Lachitatu, 18 Juni

Siikulowa.

Ndinawalowetsa mikono bwinobwino, umodzi umodzi. Pofika pamutu, khosi la juzi linaima pachipumi ngati chipewa cha mwana. Ndinakoka pang'ono, amayi anabuula m'katimo. Mzere wotsekera uja wauma gwa ngati waya, sukutanuka ngakhale pang'ono. Ndikanakakamiza bwenzi nditang'amba khutu, ndipo ikanalowa ikanawakanyanga pachipsera penipeni. Ndinawatulutsa pang'onopang'ono, tsitsi lili nyankhalala, akupuma ngati athamanga.

Juzi ina ukanangotsegula msoko wa paphewa n'kuwonjezera. Iyi ilibe msoko. Ndidafuna ndekha.

Amayi anaiyala pamiyendo n'kuyamba kuyendetsa chala kuchokera m'munsi. Ndinali ndisanaone, koma zikuoneka poyera: malo ena masitichi ali omasuka, ena apanikizana, mizere yolimba ngati zingwe. Anaima pamkono wamanzere.

"Apa ndi pomwe adabwera mng'ono wako." Chala chinakwera kumapewa. "Apa azakhali ako." Kenako anatsina khosi. "Uyu sindikumudziwa, koma adakulakwira kwambiri."

Sindinaseke. Ndinaiponya pampando. Iwo anati ndizisiye, ndavutika kokwanira, sapita basi, Adona adzawaonetsa zithunzi. Ananena mofatsa, ngati nkhani ya nyengo.

Adona pafoni akuti ndingodula ndi sizasi kutsogolo n'kusokerera mabatani. Ndamuuza kuti ukadula choluka chimayoyoka chonse, ndipo akabwera ndi sizasi muno ndiyambira mkanjo wake.

Lachinayi, 19 Juni

Ndanamizira mutu, sindinapite kushopu. Ndamasula khosi lonse mpaka pamapewa. Ulusi watuluka wopiringizika ngati tsitsi lomasula kumene. Amayi anatenga nsonga osafunsidwa n'kuyamba kukulunga mpira, pang'onopang'ono ndi zala zawo zopindikazo.

Ndayambiranso ndi singano zokulirapo. Amayi adzipatsa ntchito ya upolisi. Singano zikangoyamba kulira kwambiri, akugogoda supuni pakapu. "Lekeza. Kamwe madzi." Ndamwa madzi lero okwana kuchapira bulangete.

Chapakati pa khosi ananena osandiyang'ana kuti iwo sadandiuze kuti ndisiye sukulu.

Ndinati simudandiuzenso kuti ndibwerere.

Mpira wa ulusi unagwa n'kugubudukira pansi pa kabati. Palibe anautola kwa kanthawi. Kenako ndinamva supuni pakapu, ngakhale singano zinali zitaima.

Lachisanu, 20 Juni

Yalowa.

Ndatseka momasuka, sitichi iliyonse ndikuikoka mpaka chala changa chilowe. Powaveka ndiyenera kulowetsa mikono yawo kaye, kenako kutambasula khosi la juzi ndi manja anga onse awiri, kuliwolotsa pamutu ndi pachipsera osakhudza, ndiye n'kulipinda kawiri pansi pa chibwano. Palibe chikuoneka. Ngakhale azakhali atabwera ndi tochi.

Anaima pagalasi la pawadirobu nthawi yaitali, kutembenuka uku, kutembenuka uko. Mizere yolimba ya pamkono ndi pamapewa ikuonekabe. Ndinati ndikaichapa mwina ifanana, anati ndiisiye momwemo. Kenako anapempha ndolo zawo zagolide, zomwe sadavale chimwalirire bambo.

Akuti apita. Ndapambana. Mawa iwo kuholo, ine kushopu, aliyense kwake.

Loweruka, 21 Juni

Ndawasambitsa, ndawadzoza, ndawaveka. Siketi yakuda, juzi, ndolo. Okongola moti ndinakwiya. Azakhali anafika ndi takisi, hutala pageti ngati kwabuka moto.

Ine yunifolomu ya kushopu ili kale m'thupi, makiyi m'manja. Amayi anafika pakhomo n'kuima. Anakweza mikono pang'onopang'ono mpaka pamapewa, pomwe imathera, n'kuisiya m'malere momwemo kuti ndione bwino.

Anati muholo mumatentha, anthu amadzaza, ndipo mankhwala awo atsopano amawatulutsa thukuta mwadzidzidzi mpaka kubanika, ndikudziwa ine.

"Zikandiyamba, anditulutse m'juzi muno ndani? Azakhali ako? M'chimbudzi cha anthu onse, a kukwaya akuonerera?"

Ndinati Adona. Anandikumbutsa kuti Adona akakhala kutsogolo ndi anzake. Ndinati mukanandiuza kale, ndikanaika zipi kumbuyo.

"Ndidakufunsa za mabatani."

Adadziwa. Kuyambira tsiku lija la tiyi adadziwa kuti sangaivule okha, nkhalamba yochenjera, n'kumandikulungira ulusi ngati mngelo. Ndawauza zimenezo. Ndawauzanso kuti khadi yachiwiri ili ndi azakhali.

"Kalande. Pakamwa uli napo."

Ndapita pageti. Azakhali ali m'takisi ndi chipewa chachikulu ngati digiriyo ndi yawo. Zomwe anena sindilemba. Zomwe ndayankha ndidzalemba tsiku lina mofatsa, chifukwa zinali zabwino. Woyendetsa takisi anazimitsa wailesi kuti amve. Khadi ili apa patebulo, yopindika pakona pomwe tinakokerana.

Ndikulemba izi ayironi ikutentha. Diresi labuluu lija likundithina m'khwapa, ziribe kanthu. Bwana aimba kawiri, foni ndaivundikira ndi pilo. Ngati wa tayi uja akandisisitenso paphewa, singano ndaika m'chikwama, pamodzi ndi bulauzi ya mabatani ndi kampango.

Nsapato yakuda ndapeza imodzi.

Pawindo ndikuwaona. Ali kunja kwa geti, pamsewu penipeni, mutu uli chilili. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo wawaimitsa, akugwira mkono wa juzi, ndipo iwo akuloza kuno.