Mphini pamiyendo ya amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Beira kumeneko. Kuno ku Mandimba ana ali bwino, koma ine ndikulemba mtima ukuwawa.

Miyendo ya amayi inatupanso mpaka nsapato kukana kulowa. Kuchipatala anati vuto ndi mtima. Anawapatsa mankhwala okodzetsa, nati achepetse mchere, ndipo akakhala pansi azisanjika miyendo pampando. Kutupa kunayamba kuphwa.

Lachiwiri ndili kumunda, amalume anabwera ndi munthu wa lezala, nawatema amayi mphini kuyambira m'mawondo mpaka kumapazi, ati madzi oipa atuluke. Mankhwala aja anakataya m'chimbudzi. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Iwe khala chete. Mlongo wako anavomera pafoni."

Achimwene, n'zoona zimenezi? Munavomera muli kutaliko, osandifunsa ine amene ndimawasambitsa? Mabala aja anayamba kutuluka mafinya, amayi akungobuula. Ndinawakweza chapa, minibasi ija, mpaka kuchipatala cha ku Cuamba, ndipo anamwino anandikalipira pamaso pa anthu ngati ndinawatema ndine. Ndinangogwetsa misozi.

Tsopano agonekedwa, mabala akuwatsuka tsiku lililonse, ndipo dzulo anamwako phala.

Imbirani amalume lero lomwe, muwauze kuti asadzakhudzenso miyendo ya amayi. Inunso pemphani tchuthi, mubwere mudzaone mabalawo ndi maso anu, musanavomerenso china pafoni.

Mulungu akusungeni, ngakhale ndakukwiyirani kwambiri.

Ndine mlongo wanu,
Luiza