Mvula ya ku Nathenje Inasochera Kwathu

Lachitatu madzulo, kuno ku Mitundu. Lero ndaseka mu ofesi mpaka nthiti kuwawa.

Pulogalamu yanga ya pakompyuta ya Python imasanja manambala a mvula m'mizere: mzere wa Mitundu, wa Nathenje, wa Malingunde. Ikatero imapatsira pulogalamu yakalekale ya Fortran, yomwe imatiuza ngati alimi angadzale. M'mawa Fortran uja wanenetsa kuti kuno nthaka yanyowa, anthu adzale. Ine kusuzumira pawindo, fumbi lili koboo!

A Banda, abwana anga, anali atagwira kale foni kuti atumize uthenga kwa alimi. Ndinati, "Dikirani kaye bwana, mbewu za anthu zingapsere m'nthaka."

Vuto ndalipeza masana. Python amawerenga motsata mzere ngati munthu wopalira, pomwe Fortran amadumpha mizere chopingasa. Manambala onse anafika bwinobwino, kungoti mvula ya ku Nathenje inagwera ife. Ndatembenuza mizereyo ndisanamupatsire Fortran, basi zatheka.

A Banda amvekere, "Ndiye mvula ija mwawabwezera eni ake?"

Ndawabwezeradi yonse. Komatu zikanakhala zotheka ndikanatapako pang'ono, poti munda wa amayi kuseri kwa msikaku ukudikirabe.